Lamba wa galimoto sakubwerera? Mafunso ndi mayankho

Vuto la lamba osabwerera ambiri timalitenga ngati laling'ono, wamasula lamba iye ali lende pampando, wamukankhira mkati ndi dzanja, watseka chitseko basi wapita. Koma lamba amene akulephera kudzikulunga galimoto itaima ndi yemweyonso amene akumakhala wokhwefuka pachifuwa galimoto ikuthamanga, nde si nkhani yoti nkuilekerera. Ubwino wake nthawi zambiri mankhwala ake ndi madzi ndi sopo basi, ngakhale pali malo ena oti musagwire ndithu. Mafunso ali mmunsiwa ndi omwe anthu amafunsa kawirikawiri.

Lamba wanga akubwerera mwaulesi, mpaka ndichite kumuthandiza ndi dzanja. Chavuta ndi chani?

Nthawi zambiri ndi litsiro basi. Anthu sakhulupirira mukawauza chonchi chifukwa amayembekezera kumva kuti chinachake chathyoka mkati, koma taganizani, lamba ameneyu amagwiridwa ndi manja tsiku ndi tsiku, amadutsa pakhosi pomwe pali thukuta ndi mafuta odzola, fumbi lolowera pawindo limakakamira pomwepo, ana atayirapo zakumwa, zaka zikupita palibe anamuchapapo olo kamodzi. Mapeto ake nsalu ija imauma gwa, imanenepa, sipindikanso mosavuta ngati mmene inalili ili yatsopano.

Ndiye pali mphete ija ya pamwamba pa phewa, pomwe lamba amakhotera potsikira mkati mwa chipilala cha pakati pa zitseko, amakaniko amaitcha D-ring. Lamba akamadutsa pamenepo amasiyapo litsiro pang'onopang'ono mpaka pamaundana zinthu zakuda zomata. Sipuling'i yomwe imakoka lambayo si yamphamvu kwambiri, anaipanga dala choncho kuti isamakufinyeni pachifuwa ulendo wonse, nde kukakamira pang'ono pokha pa mphete paja kumakwana kuigonjetsa. Nchifukwa chake lamba wa dalaivala ndi amene amayamba kuvuta, a kumbuyo omwe samangidwa kawirikawiri ali bwinobwino.

Zina zimakhalapo, lamba wapotoka penapake, m'mphepete mwake mwayamba kutuluka ulusi, kachinthu kagwera mkati mwa chipilala, kapena sipuling'i yatopadi ndi ukalamba. Kukazizira vutoli limakula chifukwa nsalu yalitsiro imaumiratu.

Mkati mwa chipilala muja mumakhala chani kwenikweni?

Mumakhala kabokosi kachitsulo kotchedwa retractor. Pakati pake pali kagudumu komwe lamba amakulungikapo, mbali imodzi kuli sipuling'i yachitsulo chopyapyala chozungulizidwa kambirimbiri, ngati ija ya mu tepi yoyezera ya akalipentala, mukakoka imamangika, mukasiya imabweza. Mbali inayo ndi komwe kuli loko, ndipo pa magalimoto ambiri maloko ake amakhala awiri. Woyamba amamva kayendedwe ka galimoto, ndi kampira kachitsulo kokhala m'kambale kapena kachitsulo kolendewera, mukaponda buleki mwadzidzidzi, kukhota mwamphamvu kapena galimoto ikapendekeka kamasuntha nkukankha kadzino komwe kamakola mano a kagudumu kaja, lamba waima pomwepo. Wachiwiri amamva liwiro la lamba mwini wakeyo, mukamutsomphola amaloka, mukakoka modekha amabwera.

Lamba wogwira malo atatu uyu, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, anamupanga ndi Nils Bohlin, injiniya wa Volvo, mu 1959, ndipo kampaniyo inalola makampani ena onse kumugwiritsa ntchito osalipira kanthu.

Chomwe ndikufuna mugwire apa nchoti kuloka ndi kubwerera ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wina amati "wanga amaloka bwinobwino ndikamutsomphola, nde alibe vuto", ayi, loko amangoimitsa lamba pomwe wamupeza, sakumanga. Ngati lamba anali wokhwefuka amaloka ali wokhwefuka chomwecho. Yomwe imachotsa kukhwefukako nthawi zonse mukusunthasuntha pampando ndi sipuling'i ija.

Ndingadziwe bwanji ngati ndi litsiro kapena sipuling'i yafa, ndisanayambe kumasula zinthu?

Kokani lamba yense mpaka kumapeto, mugwire ndi zala mbali ija yomwe imakhala yobisika mkati nthawi zonse, kenako mugwire yomwe imadutsa pachifuwa. Ngati ya mkati ili yofewa, mtundu wake ukuwala, pomwe inayo ili yolimba, yakuda, yomata m'zala, yankho mwalipeza kale. Chachiwiri lowetsani chikhadabo pa mphete paja kunsi kwa lamba mukandepo muone chomwe chituluke. Chachitatu, nyamulani lamba ndi dzanja mumukweze m'mwamba kuti asalemere pa mphete, nkumamupereka pang'onopang'ono, mukamva kuti mkati muja mukukoka ndi mphamvu ndiye kuti sipuling'i ili moyo, vuto ndi kukhulana kwa lamba ndi mphete. Koma ngati olo mumuthandize choncho sikukoka nkomwe, kapena mukumva kukwecha, kapena phokoso la chitsulo chothyoka, nkhani ili mu retractor momwemo.

Nanga kuchapa kwake kumayenda bwanji?

Konzani ndowa kapena beseni la madzi ofunda, osati otentha, sopo wosakhala waukali monga wamadzi wotsukira mbale uja, bulashi yofewa kapena mswachi wakale, mathaulo awiri atatu, ndi mapegi olimba a zovala kapena chopanira chilichonse chopanda mano akuthwa.

Kokani lamba yense atuluke mpaka ataima, panirani pa mphete paja ndi mapegi kuti asabwerere. Yalani thaulo pampando nkuikapo ndowa, kapena ngati lamba akufika panja mutulutseni pachitseko muchapire panja, nkwabwino kutero chifukwa pansi pa mipando ya magalimoto ambiri pali mawaya. Viikani lambayo m'madzi a sopo akhale mphindi 10 mpaka 15, musathamange, litsiro la zaka zambiri silichoka nkungopukuta. Mudzaona madzi akusanduka akuda bii olo lamba amaoneka ngati ndi woyera. Kenako khulani ndi bulashi motsata kutalika kwa lamba osati mopingasa, mbali zonse ziwiri, makamaka chigawo cha paphewa ndi chomwe mumagwira pomanga, koma m'mphepete musakande mwamphamvu kuopa kudzutsa ulusi. Madzi akada sinthani, bwerezani mpaka aziyera.

Potsukuluza ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Sopo wotsalira mu nsalu akauma amaiumitsanso ndipo amakoka fumbi, pakapita masabata ochepa mwabwerera pomwe munayambira, nde tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu litheretu. Mukatero gwirani lamba mkati mwa thaulo louma nkumakoka kutsika mukufinya, osamupotokola ngati chovala. Chigawo cha pamwamba chomwe sichikufika mu ndowa chipukuteni ndi kansalu konyowa, koma samalani madzi asatsetserekere mu chipilala kupita ku retractor, komanso asalowe mu buckle, kabokosi komwe mumalowetsamo kachitsulo ka lamba pomanga, chifukwa muli switch yomwe imayatsa kagetsi kochenjeza pa dashibodi.

Ndiumitse bwanji? Ndingasite kapena kuyanika padzuwa kuti ziyende msanga?

Musasite, musaike pafupi ndi moto kapena hita. Musiyeni ali wotambasuka ndi mapegi ake, pamthunzi podutsa mphepo, mawindo otsekula, nthawi zambiri zimafuna usiku wonse. Mugwireni ndi zala, ngati akuzizirabe ndiye kuti sanaume. Mukamubweza ali wonyowa amakachita chuku ndi fungo mkati muja, ndipo chinyezi chimabweretsa dzimbiri pa sipuling'i.

Ndachapa lamba koma mphete ya paphewa sindikutha kuifika bwino

Iyi musaidumphe chonde, pa magalimoto ena kutsuka mphete yokhayi kumathetsa vuto lonse. Kankhirani lamba mbali imodzi, dulani kansalu kowonda kakatali, kanyowetseni ndi madzi a sopo, kalowetseni mu mphete nkugwira uku ndi uku, nkumakoka kupita kubwera. Zouma kwambiri zipaleni ndi kakhadi ka pulasitiki kakale kapena chikhadabo, osati mpeni kapena sikuludiraiva, chifukwa mukakanda mphete malo okandikawo azidya lamba tsiku lililonse. Mabuku a eni galimoto a Honda amanena zomwezi, kuti litsiro la mu mphete limachedwetsa lamba kubwerera, ndipo amati mupukute ndi kansalu ka madzi ofunda a sopo kapena spirit wotchedwa isopropyl alcohol. Spirit ameneyu ndi wa pa mphete, pa lamba gwiritsani sopo. Pulasitiki ya mphete ikakhala yosweka kapena yakumbika mpaka chitsulo chikuoneka, kutsuka sikuthandiza, ikufunika kusinthidwa.

Bulichi, petulo, thina kapena parafini sizingachotse litsiro mwachangu?

Zichotsa, koma zichotsanso mphamvu ya lamba, ndipo choopsa nchoti simuona ndi maso. Nsalu ya lamba ndi ulusi wa polyester wolukidwa mothithikana, mulifupi mwake pafupifupi masentimita 5, ndipo malamulo a United Nations okhudza malamba, Regulation 16, amafuna kuti ipirire kukokedwa ndi mphamvu ya pafupifupi tani imodzi ndi theka isanaduke. Mankhwala aukali amafooketsa ulusiwo, lamba amaoneka wabwinobwino koma tsiku la ngozi ndi pomwe mudzadziwe. Chimodzimodzinso utoto, ena amafuna kumunyika kuti asinthe mtundu, musatero. Ngati lamba anathiridwapo asidi wa batire, bulichi kapena zina zotero, musachape nkomwe, sinthani.

Ndingapopere WD-40, kapena kuthira oyilo kapena girizi kuti aziterera?

Pa lamba ayi. Tsiku loyamba zioneka ngati zatheka, lamba akuthamanga kubwerera, koma mafuta amagwira fumbi kuposa thukuta, pakapita nthawi yochepa ali womata kuposa kale, zovala zikuthimbirira paphewa, mafutawo wakulungira nawo mkati. Mu retractor ndiye musayese nkomwe kupopera chilichonse kudzera pabowo, kampira ka loko kaja kamafuna kukhala kouma ndi komasuka, kakamatidwa ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi kamachedwa kusuntha kapena osasuntha nkomwe, ndiye kuti mwakonza kubwerera mwaononga kuloka.

Za silicone spray anthu amatsutsana. Alipo ambiri omwe amapopera pang'ono lamba atachapidwa nkuuma ndipo amati zimathandiza, pomwe mabuku ambiri a eni galimoto amangoti sopo ndi madzi, osaika china chilichonse pa nsalu. Ine ndimatsata mabuku. Ngati mwachapa bwino lamba ndi mphete nthawi zambiri safunanso china, ndipo ngati akufunabe ndiye kuti pali vuto lina lomwe silicone angolibisa kwa kanthawi.

Lamba wapotoka, wapindikira mu mphete kapena mu kachitsulo kolowetsa. Ndiwongola bwanji?

Kupotoka kumachitika lamba akamangotayidwa chisawawa pomasula, ndipo kukangofika pa mphete lamba amakhala wowirikiza kawiri, sangadutse. Kokani lamba wambiri kuti mukhale ndi malo, pezani pomwe papotoka. Pindani lambayo chopendekera, mbali imodzi igone pamwamba pa inzake, kanikizani mpindirowo ndi zala uphwatalale, kenako kokani kachitsulo kolowetsa kadutse pamwamba pa mpindirowo, kapena ngati ndi pa mphete kokerani mpindirowo udutsemo. Ukatulukira mbali inayo lamba amakhala watembenuka. Zimalimba ndithu, zimafuna zala zamphamvu ndi kudekha, ndipo mukapinda mbali yolakwika kupotoka kumawirikiza, nde mukaona choncho bwererani mupinde mbali inayo. Osagwiritsa pulayala ya mano. Kupotoka kukakhala kunsi kwa mphete, mkati mwa chipilala, mpofunika kuchotsa kava kuti muone.

Ndakoka lamba mpaka kumapeto, pano akungolira khe khe khe polowa ndipo sakutulukanso. Ndaononga?

Simunaononge. Magalimoto ambiri makamaka opangidwira msika wa ku America ali ndi zimenezi pa malamba a okwera, a kumbuyo ndi wa kutsogolo pambali pa dalaivala. Mukakoka lamba yense amalowa mu kaloko kapadera komangira mpando wa mwana, amangololera kulowa osati kutuluka. Masulani buckle, musiyeni alowe yense mpaka kumapeto, loko amadzichotsa yekha. Vuto limabwera lamba akakhala waulesi uja, salowa yense nde loko sachoka, pamenepo muthandizeni ndi dzanja mpaka alowe. Pochapa malamba amenewa muzikumana nazo, musadabwe.

Wanga ndiye wakanirira mkati, sakutuluka olo pang'ono

Yambani mwaona pomwe galimoto yaima. Ikakhala pachitunda kapena yapendekeka, gudumu limodzi lili m'dzenje, kampira kaja kamakhala kasuntha kale ndipo lamba amaloka monga anamupangira, isuntheni pamalo osalala muyesenso. Ngati ndi lamba wotulukira mu mpando momwemo, dzutsani chotsamira chiime bwino. Kenako m'malo molimbana naye mubwezereni mkati sentimita imodzi kapena ziwiri kuti kadzino kaja kamasuke, nkukoka pang'onopang'ono kwambiri. Kutsomphola kumangolimbitsa loko. Zikakanika ndipo galimoto inagundidwapo posachedwa, werengani za pretensioner mmunsimu.

Zonsezi ndachita koma palibe kusintha. Ndingatsekule kava ya chipilala ndekha?

Kava ya mmunsi mutha kuchotsa kuti muone, pa magalimoto ambiri imagwiridwa ndi timakilipu ta pulasitiki, mumayamba mwasolola labala wa m'mphepete mwa chitseko kenako nkuikoka mosamala. Koma musanatero zimitsani galimoto, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire, dikirani. Mabuku okonzera a Toyota amati masekondi osachepera 90, makampani ena amati mphindi zitatu kapena kuposera, nde mukadikira mphindi 10 simunalakwe. Kudikiraku nkofunika chifukwa kompyuta ya ma airbag, timatumba ta mpweya tija tofufuma pa ngozi, imasunga magetsi kwa kanthawi olo batire itachotsedwa.

Mukatsekula yang'anani lamba ngati wapotoka kapena wapindika pa kagudumu, ngati akukhula kava penapake, ngati kava inabwezeredwa molakwika nkumamupana, ngati mwagwera ndalama yachitsulo, kakilipu kothyoka kapena zinyalala. Fumbi lichotseni ndi bulashi youma kapena mphepo. Mukaona pulagi kapena mawaya achikasu, amenewo ndi a SRS, kutanthauza zipangizo za ma airbag, musawakoke, ndipo chonde musawayeze ndi mita kapena ka tesita ka getsi, magetsi ochepa okhawo atha kuphulitsa. Kava ya pamwamba pafupi ndi denga isiyeni ngati galimoto ili ndi airbag ya m'mbali.

Ndinaona wina akutsekula retractor nkuzunguliza sipuling'i kuti ilimbe. Bwanji osangotero?

Apa ndiye ndikukanizani ndithu. Kava ya sipuling'i pa ma retractor ambiri inalembedwa kuti isatsekulidwe, ndipo sanalembe mwamasewera. Sipuling'i ija ndi yaitali mamita angapo, yakuthwa m'mphepete, yopanikizidwa m'kabokosi kakang'ono, mukangotsekula imafwamphuka yonse nthawi imodzi, itha kukuchekani zala kapena kukulasani diso, ndipo kuibwezeretsa mmene inalili ndi ntchito yomwe ambiri amaisiyira panjira. Mukalakwitsa mbali nkutsekula ya loko, timapulasitiki ndi kampira kaja zimagwa, mubwezera inde, lamba azikoka nkubwerera, koma mudziwa bwanji kuti adzaloka pa ngozi? Kutsomphola ndi dzanja kumangoyesa loko mmodzi, winayo ayi. Komanso sipuling'i yotopa olo muiwonjezere kuzungulira chitsulo chake chatopa basi, mwangoyandikitsa tsiku lothyoka.

Nchifukwa chake makampani opanga magalimoto sagulitsa sipuling'i payokha, amagulitsa lamba yense ndi retractor yake. Sipuling'i ikafa, sinthani chonse.

Pretensioner ndi chani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Ndi kachipangizo kokhala ndi timankhwala tophulika, kolumikizidwa ku kompyuta ya ma airbag. Galimoto ikagunda mwamphamvu kamaphulika nkukoka lamba kumubweza mwachangu kwambiri, diso lisanaphethire, kuti munthu amamatire kumpando asanayambe kupita kutsogolo. Mercedes-Benz inayamba kuika zimenezi mu S-Class mu 1981, pano zili pafupifupi m'galimoto iliyonse yatsopano, pa ena zili pa retractor, pa ena pa buckle, ena konse kuwiri. Imagwira kamodzi kokha. Ikaphulika lamba nthawi zambiri amatsala wolokeka gwa kapena ali lende osabwerera, ndipo getsi la airbag pa dashibodi limayaka osazima. Nde ngati mwagula galimoto yakale nkupeza lamba mmodzi sakubwerera, getsi la airbag likuyaka, kapena siliyaka nkomwe olo potembenuza kiyi, kayikirani kuti inachitapo ngozi, ipititseni kwa amakaniko odziwa za SRS aiyeze ndi kompyuta.

Wina atha kunena kuti basi pretensioner idzachotsa kukhwefukako. Imakoka masentimita ochepa okha, sinapangidwe kuti imeze lamba yense amene ali lende pamimba.

Galimoto inachita ngozi koma lamba akuoneka bwinobwino. Ndisinthe?

Ngati anali womangidwa pa munthu pa ngozi yamphamvu, sinthani, olo aoneke bwanji. Nsalu imatamuka pogwira thupi ndipo sibwereranso mwakale, komanso mu ma retractor ambiri amakono muli kachitsulo kopangidwa kuti kapotoke dala nkupereka lamba pang'ono kuti nthiti zisathyoke, kakapotoka kapotoka basi. Zizindikiro zina ndi malo owala ngati asungunuka pomwe lamba anakhula pa mphete kapena pa kachitsulo kolowetsa, kukwinyika ngati mafunde, kapena ulusi wosokera wadukaduka pafupi ndi bawuti ya pansi.

M'mphepete mwayamba kutuluka ulusi, pena pachekeka pang'ono. Ndingadule ulusiwo, kuwotcha ndi laita kapena kukasoketsa?

Kusoketsa ayi, kulumikiza ayi, kumanga mfundo ayi. Kasokedwe ka lamba kali ndi ulusi wake ndi kayendedwe kake koyesedwa ku fakitale, makina osokera zovala sangafikepo. Kuwotcha ndi laita kumasiya timibulu touma tomwe timakola pa mphete, kubwerera kumavutiratu. Tiubweya tochepa ta pamwamba ndi ukalamba chabe, koma pomwe pachekeka, pabooka, papsa ndi ndudu, kapena ulusi weniweni wa m'mphepete waduka, pamenepo ndi pomwe lamba adzayambire kung'ambika akadzakokedwa mwamphamvu. Sinthani.

Nanga wa sekondi handi, wochotsedwa pa galimoto ina?

Wabwino ndi watsopano wa galimoto yanuyo, zimenezo nzosakayikitsa. Vuto la wakale nloti mbiri yake simukuidziwa, magalimoto ambiri ophwasulidwa anafika kumeneko chifukwa cha ngozi, ena anamira m'madzi. Ngati palibiretu njira ina, akhale wa mtundu womwewo wa galimoto, zaka zomwezo, mpando womwewo ndi mbali yomweyo, nambala ya pa lebulo ifanane, galimoto yomwe akuchokera muione nokha kuti ma airbag ake sanaphulike ndipo chipilala sichinapindike. Mukokeni yense muone nsalu mbali zonse, muone dzimbiri pa retractor, muone pulagi yachikasu ngati sinasungunuke. Wa kumanja sangalowe kumanzere ndipo wa galimoto ina olo mabowo afanane musaike, chifukwa retractor iliyonse inapangidwa kuti ikhale mopendekera mwa mtundu wake, kampira kaja kanatcheredwa pa kupendekera komweko. Mukaiika mokhota iziloka popanda chifukwa kapena kuchedwa kuloka pofunika.

Poika watsopano ndi chani chofunika kusamala?

Ngati ali ndi pretensioner ndi bwino aike ndi amakaniko omwe anagwirapo ntchito zotere. Batire ikhale yochotsa monga tanena. Mabawuti akhale ake enieni, a malamba ndi achitsulo cholimba mwapadera ndipo pa magalimoto ambiri mazinga ake ndi 7/16 UNF, amafanana ndi ena a mamilimita koma si amodzi, mukakakamiza ina mumapha mazinga a m'chipilala. Mawashala ndi timaspesa tibwerere mmene tinalili kuti mphete izitha kutembenuka, ndipo kumanga kwake kukhale kwa torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo wa m'buku la galimotoyo. Retractor ili ndi kamlomo kolowa pabowo lake kuti ikhale chilili, onetsetsani kalowa. Mukaigwira m'manja nkuona lamba sakutuluka musati ndi yoonongeka, iimikeni mmene imakhalira m'galimoto itulutsa.

Mukamaliza yesani. Kokani yense nkumusiya kangapo, tsompholani aloke, lowetsani mu buckle mumve kulira, kokani muone kuti sakutuluka. Yatsani galimoto muone getsi la airbag layaka nkuzima pakapita masekondi ochepa. Kenako pamalo opanda anthu ndi magalimoto, mukuyenda pang'onopang'ono, pondani buleki mwamphamvu mumve lamba akukugwirani.

Pakadali pano ndingamayendebe choncho, ndikumangomukoka ndi dzanja kuti athine?

Ndikumvetsa kuti si aliyense angasinthe lero lomwe, koma musazolowere. Kugunda chinthu choima pa liwiro la makilomita 50 pa ola nchimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa pafupifupi mamita 10. Lamba wokhwefuka amalola thupi kuyamba ulendo wopita kutsogolo kenako nkuligwira mwadzidzidzi, mutu utha kufika pa chiwongolero kapena pagalasi, ndipo wa m'chiuno akakhwefuka amakwera pamimba pomwe palibe fupa, munthu nkutsetserekera kunsi kwake. Bungwe la World Health Organization limati kumanga lamba kumachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka, koma ameneyo ndi lamba wogwira thupi bwino. Kukoka ndi dzanja kumathandiza mpaka pomwe muweramire kutsogolo kuona msewu pa mphambano, mukabwerera kumpando lamba watsala komweko. Ngati ndi mpando wa okwera, pasakhale munthu mpaka mutakonza, ndipo mpando wa mwana musamangirepo. M'maiko ambiri lamba wosagwira bwino amalepheretsanso galimoto pa kuyezedwa.

Timakilipu tomwe ena amaika paphewa kuti lamba asathine, kapena pegi yoiwalika mutachapa, zichotseni, zikupanga vuto lomweli mwadala.

Kodi kampani yopanga galimoto ingakonze ulere?

Nthawi zina inde. Ngati galimoto ikadali mu waranti pitani nayo musanagwire chilichonse, ndipo makampani ena amapereka waranti yaitali pa malamba kuposa ziwalo zina. Palinso ma recall, pomwe kampani imaitanitsa magalimoto kuti ikonze vuto lochokera ku fakitale, mwachitsanzo mu 1995 ku America anaitanitsa magalimoto oposa 8 miliyoni chifukwa cha mabatani a ma buckle opangidwa ndi Takata omwe ankasweka. Tengani nambala ya chasisi kapena VIN mufunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimoto yanu, kapena muilembe pa tsamba la kampaniyo pa intaneti.

Ndipange chani kuti vutoli lisabwerenso?

Pomasula musamutaye, mugwireni kachitsulo mumuperekeze mpaka pa chipilala ali wowongoka, ndipo muone kuti walowa musanatseke chitseko, chifukwa kupanidwa ndi loko wa chitseko ndi komwe kumacheka malamba ambiri, kachitsulo kaja nkumakandanso penti. Mphete ipukuteni nthawi iliyonse mukutsuka mkati mwa galimoto, lamba muchapeni mukangoona wayamba ulesi osadikira aime. Pokweza mipando ya kumbuyo mutaipinda onani kuti lamba sanapanidwe kuseri.

Lamba akubwerera bwino koma kachitsulo kolowetsa kakumagwera pansi mpaka ndichite kukafufuza pambali pa mpando

Limeneli si vuto la retractor. Pa lamba pamakhala kabatani ka pulasitiki komwe kamatchinga kachitsulo kuti kasatsike, kakathyoka ndi pomwe kamagwera pansi. Timabatani timeneti timagulitsidwa patokha, ndi tiwiri tolumana, kena kali ndi kamsomali ka pulasitiki. Pezani kabowo kakale pomwe panali koyamba, kwezani kachitsulo kakhale pamwamba pake, lowetsani kamsomali pomwepo kadutse pakati pa ulusi, nkutsekera ndi kanzake mbali inayo. Musaboole bowo lina ndi msomali wamoto kapena mpeni, ndipo musaikepo pini, waya kapena bawuti m'malo mwake.